Hinji ya laputopu yalimba, pulasitiki ikukanuka: ndimate ndekha kapena ndibweze pa waranti?

Funso

Laputopu yanga ya mainchesi 15.6 ndinaigula miyezi 10 yapitayo, ndipo waranti yake ya chaka chimodzi yatsala ndi miyezi iwiri. Masiku ano ndikamatsegula, hinji ya kumanzere ikumalimba, imalira kuti "the!", ndipo pulasitiki ya pakona pa sikirini imakanuka. Sinagwepo pansi. Anzanga akuti ndingothirapo supagulu basi. Ndimagwirira ntchito tsiku lililonse, ndiye ndikuopa kuti ndikaibweza ikakhalitsa kumeneko. Nditani?

Yankho

Supaguluyo musiyeni kaye, ndipo kuyambira lero lekani kutseka ndi kutsegula laputopuyo. Iimikeni pamalo amodzi ili yotsegula, mmene mumaonera bwino, ndipo izikhala choncho mpaka itaonedwa. Mukatero kaitulireni nkhaniyi a kampani imene inaipanga sabata yomwe ino, musadikire kuti miyezi iwiriyo ithe. Ndifotokoze chifukwa chake, chifukwa ambiri amalakwitsa poganiza kuti chimene chikuwonongeka ndi hinjiyo.

Hinji ya laputopu ndi yachitsulo, ndipo sithyoka wamba. Ndi kamtsuko kachitsulo kamene kanafungatira mwamphamvu kachitsulo kena kozungulira, pakati pali girizi, ndipo kukhwima kwa kugwiranako ndi kumene kumaimika sikirini pamene mwaisiya. Hinjiyo ili ndi mapazi awiri. Lina limamangidwa kuchivundikiro cha kumbuyo kwa sikirini, lina kuthupi la laputopu, pafupi ndi kiyibodi. Masikuluwu ake ndi aang'ono, kawirikawiri a M2 kapena M2.5, kutanthauza onenepa mamilimita 2 kapena 2.5, ndipo salowa m'chitsulo ayi. Amalowa m'tinati tamkuwa timene tinamizidwa m'timizati ta pulasitiki, kanati kalikonse kochepa kuposa njere ya mphodza. Mphamvu yonse yotsegulira sikirini imathera pa timizati titatu kapena tinayi timeneti.

Taganizani kutalika kwa sikiriniyo. Kuchokera pamene mumagwira ndi chala kufika pa hinji pali masentimita opitirira 20, pomwe phazi la hinji ndi la masentimita awiri kapena atatu okha. Zili ngati mpini wautali pa kamutu kakang'ono: mphamvu ya chala chanu ikafika pa masikuluwu imakhala itachuluka mwina kakhumi. Hinji ikakhala yofewa bwino, pulasitiki imapirira kwa zaka. Koma girizi akauma, kapena fumbi ndi dzimbiri zikalowa, kapena ngati hinjiyo anaikhwimitsa mopyola ku fakitale, chitsulo chimakana kutembenuka ndipo chimene chimagonja ndi pulasitiki. Timizati timayamba ming'alu, tinati tamkuwa timazuka, phazi la hinji limatukuka n'kukankha felemu ya sikirini. Kukanuka mukuona pakonapo ndi phazi limenelo likufuna kutuluka. Hinji zambiri zimakhalanso pafupi ndi potulukira mpweya wotentha wa fani, ndipo kutenthako kumaumitsa girizi ndi kufooketsa pulasitiki, n'chifukwa chake nthawi zambiri mbali imodzi ndi imene imayamba.

Vuto limeneli likangoyamba limathamanga. Kanati kamodzi kakazuka, katundu wake amagwera totsalato. Choopsa kwambiri n'chakuti mkati mwa hinji kapena pambali pake mumadutsa chingwe cha sikirini, chija cha mapini 30 kapena 40 chimene amachitcha eDP, pamodzi ndi mawaya awiri opyapyala a Wi-Fi ndi waya wa kamera. Phazi lozuka limapana mawayawa, ndiponso limatha kufinya ngodya ya galasi la sikirini, limene ndi lopyapyala ngati mamilimita atatu okha. Ntchito ya pulasitiki imasanduka yogula sikirini yatsopano.

Pali vuto lina losiyana ndi lanu loti ndilitchule mwachidule, la hinji yolobodoka, pamene sikirini imagwedera kapena kugwera chagada yokha. Limeneli ndi lopepuka. Mwina masikuluwu amasuka, mwina kugwirana kwa zitsulo kwatha, ndipo kumanga kapena kusintha hinji kumathetsa. Onaninso ngati thupi la laputopu latukumuka pakati kapena pansi pa trackpad, malo osalala apafupi ndi kiyibodi oyendetsapo chala. Ngati latero, ndiye kuti batire latupa ndipo likukankha pulasitiki, ndipo batire lotere lichotsedwe msanga popanda kulibaya kapena kulipinda.

Tsopano za waranti. Waranti ya kampani imalipira zolakwika za kapangidwe ndi zipangizo, siilipira ngozi. Pa mahinji ndi pamene pamakhala mkangano waukulu, chifukwa pulasitiki yothyoka imaoneka chimodzimodzi, kaya yathyoka ndi hinji yolimba kaya ndi kugwa. Amisiri a kampani akalandira laputopu amayamba ndi kuyang'ana m'makona ngati muli pophwanyika kapena potiwizika, ngati galasi lili ndi mng'alu, ndi ngati mkati munalowa madzi. Akapeza chimodzi mwa izi amalemba kuti mwawononga nokha, n'kukutumizirani mtengo woti mulipire. Inu muli pabwino chifukwa laputopu yanu sinagwe ndipo pulasitiki sinayoyoke. Umboni wanu ndi hinji yolimbayo pamodzi ndi makona osalala, ndipo ukadali wonse. Mukathirapo guluu mwaufufuta nokha. Msiri akaona guluu safunsanso zambiri, amangolemba kuti munthu wina anaigwira.

Musanaimbe foni, jambulani zithunzi pamalo owala: makona onse anayi, pansi, pamwamba, sikirini ili yoyaka kuti ioneke kuti ilibe mng'alu, ndi pokanukapo chapafupi. Jambulaninso kavidiyo kafupi mukusuntha sikirini pang'ono chabe kuti phazi lioneke likutukuka ndipo phokosolo limveke. Pezani lisiti ndi nambala ya laputopu imene ili pansi pake, imene a Dell amaitcha Service Tag ndipo a Lenovo ndi HP amangoti serial number. Mukailowetsa pa tsamba la pa intaneti la kampani mudzaona tsiku lenileni limene waranti ikutha, komanso mtundu wake, chifukwa ina ndi yoti mutumize laputopu, ina ndi yoti msiri abwere kumene muli. Ena amapeza kuti pogula analipiriratu chitetezo cha ngozi osadziwa, ndipo chikakhalapo mkangano wonse wa amene analakwa umagwa.

Polankhula nawo, nenani zimene zikuchitika monga mmene zilili: hinji ya kumanzere yalimba kuposa ya kumanja, ikuzula pulasitiki, laputopu sinagwepo. Mukangonena kuti "yathyoka" mwawapatsa mawu olembera kuti ndi ngozi. Pemphani nambala ya dandaulo lanu ndipo muisunge, chifukwa chofunika ndi tsiku limene mwadandaula. Dandaulo lolowa waranti isanathe limakhalabe lamoyo ngakhale kukonza kutachedwa. Akakana, pemphani kuti alembe chifukwa chake ndi kukuonetsani zithunzi za chimene akuti ndi ngozi, kenako pemphani kuti nkhaniyo ipite kwa wamkulu. Fufuzaninso pa intaneti nambala ya mtundu wa laputopu yanu limodzi ndi mawu oti hinge. Ngati anthu ambiri akulira ndi ngodya yomweyo, limenelo ndi vuto la kapangidwe ndipo muwauze choncho. Makampani amagonja nthawi zina. Apple mu 2019 inayamba kukonza ulere ma MacBook Pro a mainchesi 13 a chaka cha 2016 amene chingwe cha kuwala kwa sikirini chinkatha ndi kupindika pa hinji, ngakhale kwa amene waranti yawo inali itatha.

Malamulo a ogula amasiyana dziko ndi dziko, ndipo m'maiko ambiri wogulitsa naye ali ndi udindo pambali pa waranti ya kampani. M'maiko a European Union katundu wotere amakhala ndi chitsimikizo cha lamulo cha zaka ziwiri. Ku United States, lamulo la Magnuson-Moss la 1975 sililola kampani kufafaniza waranti yonse chifukwa chongoti mwatsegula chipangizo, ndipo mu 2018 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linachenjeza makampani asanu ndi limodzi pa nkhani ngati ya timapepala tomata tonena kuti waranti yatha mukatichotsa. Komabe ngakhale kumeneko, chimene mwawononga potsegula kampani siilipira. Makampani ambiri amalola mwini kusintha RAM (memori ya kompyuta) kapena SSD (disiki yosungira mafayilo), koma mahinji ndi sikirini amaziika m'gulu la zogwira amisiri awo okha.

Nkhawa yanu ya nthawi ndi yomveka. Funsani pasadakhale kuti zitenga masiku angati ndiponso ngati angayambe aitanitsa chipangizocho inu mukadagwiritsa ntchito laputopu, kuti mudzangoipereka chikafika. Koperani mafayilo anu onse kwina musanaipereke, chifukwa okonza ena amafufuta disiki kapena kusinthiratu makina onse. Pamasiku odikirawa, ngati muli ndi monita ina, yomwe ndi sikirini yapadera, ilumikizeni pa HDMI, polowetsa chingwe cha zithunzi. Mukakakamizika kutseka, gwirani sikirini pakati pa m'mphepete mwa pamwamba, dzanja lina litsindike pa ngodya yodwalayo, ndipo mutseke pang'onopang'ono. Kutsegula mogwira pakona ndi kunyamula laputopu pogwira sikirini ndi zizolowezi ziwiri zimene zimapha mahinji ngakhale abwino.

Tinene kuti akaniratu, kapena wina akuwerenga izi waranti yake inatha kale. Apo kukonza nokha n'kotheka, ndipo sikufuna luso lalikulu, kumafuna kudekha.

Yambani ndi buku la amisiri la mtundu wanuwo. Lenovo, Dell ndi HP amaika mabukuwa pa intaneti ulere, ndipo amasonyeza sikuluwu iliyonse, kukula kwake, ndi nambala ya chipangizo chilichonse. Zida ndi zochepa: masikuludiraiva a Phillips (a nsonga ya mtanda) a PH0 ndi PH00, nthawi zina Torx T5 (ya nsonga ya nyenyezi), kachipangizo kapulasitiki kokanulira kapena khadi lakale la pulasitiki, kapulaya kakang'ono, ndi pepala lojambulapo laputopu kuti sikuluwu iliyonse muiike pamalo pake. Pepalali musalipeputse. Masikuluwu a M2 ena ndi aatali mamilimita 3, ena 5 kapena 6, ndipo wautali mukamulowetsa pa wamfupi amabowola pulasitiki n'kutulukira kunja, kapena kufinya galasi.

Zimitsani, zulani chaja, tsegulani pansi, ndipo chinthu choyamba kuchotsa chikhale pulagi ya batire. Kenako dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 15. Chifukwa chake n'chakuti m'chingwe cha sikirini mumadutsa magetsi a kuwala kwa sikirini ngakhale laputopu itazima, ndipo mukachizula kapena kuchilowetsa mopendekera batire lili pomwepo, mapini amakhudzana n'kupsereza fyuzi pa bolodi lalikulu la zamagetsi la mkati mwa laputopu. Laputopu imayaka koma sikirini imakhala mdima, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wodziwa kuwotcherera tinthu tating'ono. Jambulani mmene mawaya adutsira musanawachotse m'tinjira tawo.

Mukafika pa hinji, onani kuti pathyoka ndi pati. Ogulitsa zipangizo amatchula mbali zinayi za thupi la laputopu ndi zilembo: A ndi chivundikiro cha kumbuyo kwa sikirini, B ndi felemu ya kutsogolo kwa sikirini, C ndi pamene pali kiyibodi, D ndi pansi. Timizati ta hinji timakhala mu A ndi mu C, pa ena mu D. Njira yodalirika kuposa zonse ndi kugula mbali yathyokayo pamodzi ndi mahinji awiri atsopano, pogwiritsa ntchito nambala yolembedwa pa kapepala ka mkati mwa yakaleyo. Dzina la laputopu lokha silikwanira, chifukwa mtundu umodzi umatha kukhala ndi sikirini yogwiritsa ntchito pokhudza ndi chala kapena yosatero, ndipo mahinji ake amasiyana. Dziwaninso kuti pa malaputopu ambiri opyapyala kiyibodi inamatidwa ku C ndi timitu ta pulasitiki tosungunula, choncho gulani C yokhala kale ndi kiyibodi. Ndipo ngati mukusintha A pa laputopu ya felemu yopyapyala, galasi limagwidwa ndi matepi awiri otanuka m'malo mwa masikuluwu. Amenewo mumakoka nsonga yake pang'onopang'ono, mogonetsa, mpaka atuluke onse. Mukakanula galasi ndi mphamvu limasweka.

Kaya mwagula zatsopano kaya mumata zakale, hinji yolimbayo ifewetsedwe, apo ayi mudzabwereranso pomwepa pakatha miyezi yochepa. Apa ndi pamene okonza ambiri amadumpha. Chotsani mahinji onse awiri ndi kuwayerekeza, phazi limodzi mutaligwira ndi pulaya yokulunga nsalu. Ayenera kulimba mofanana ndi kuyenda mosadukiza. Ena ali ndi nati kumapeto, kawirikawiri ya mamilimita 5 kapena 5.5. Imasuleni gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi, yesani, ndipo muwonjezere pokhapokha ngati ikadali yolimba. Opanda nati, adonthezereni kadontho ka mafuta opepuka a makina kapena girizi wa silikoni pamene zitsulo zakumana, mutembenuze maulendo 30 kapena 40, n'kupukuta otsala onse. Mafuta asapoperedwe hinji ili m'malo mwake, chifukwa amayenderera pansi pa galasi n'kusiya banga losachoka, komanso guluu sagwira pa malo a mafuta. Hinji imene ikumveka ngati muli mchenga kapena yachita dzimbiri ndi yotaya.

Ngati chipangizo chatsopano sichikupezeka, guluu woyenera ndi epoxy, guluu wa machubu awiri osakaniza, wouma pang'onopang'ono, monga J-B Weld wamba kapena Araldite wa nthawi yaitali. Wouma m'mphindi zisanu ndi wofookerapo. Supagulu salimba pa malo opindika tsiku ndi tsiku, amathetheka ngati galasi, amayenderera n'kulowa m'hinji momwe, ndipo nthunzi yake imasiya zoyera pa sikirini. Ena amamusakaniza ndi soda wophikira. Zimaumadi kuti gwa, koma zimauma m'masekondi ochepa, osakupatsani mpata woika kanati pamalo pake.

Ntchito ya epoxy imayenda chonchi. Tolani tinati tamkuwa tonse ndi tizidutswa ta pulasitiki, nthawi zambiri timakhala tikadali pa masikuluwu. Kwechani malo othyokawo ndi sandipepala wa nambala 120 kapena 180 mpaka kunyezimira kuthe, pozungulira sentimita imodzi kapena iwiri, chifukwa epoxy sagwira bwino pa pulasitiki yoterera. Ngati pali timakoma ta pulasitiki pafupi, tibowoleni timabowo ta milimita imodzi kuti guluu alowe ndi kukola. Tsukani ndi isopropyl alcohol, mankhwala otsukira zipangizo zamagetsi, wa 90 peresenti kapena kuposa. Acetone, kuphatikizapo mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, amasungunula ABS, mtundu wa pulasitiki wa malaputopu ambiri, musayese.

Chinsinsi chili pa kuika tinati pamalo enieni, chifukwa kukhota kwa theka la milimita kumakwana kuti sikuluwu ikane. Gwiritsani ntchito hinji yomweyo ngati muyezo. Pakani vaselini pang'ono pa mazinga a masikuluwu ndi kunsi kwa phazi la hinji, koma asakhudze kunja kwa tinati, mangani tinatito pa phazilo ndi masikuluwu ake, sakanizani epoxy magawo ofanana mpaka mtundu ukhale umodzi, dzazani m'malo othyokawo ndi kamtengo kotokosera mano, n'kukhazika phazi lonse pamalo pake. Sikuluwu imodzi imene mzati wake uli bwino ndi imene ikusonyezeni kuti mwalondola. Panani mopepuka ndi kachipangizo kopanira. Guluu azungulire kanati kalikonse ngati kachulu, koma asapitirire msinkhu wa timizati takale, chifukwa felemu idzakana kutsekeka. Kachidutswa ka nsalu ya ulusi wa galasi (fibreglass) kapena ka sefa wa waya komizidwa m'guluumo kamawonjezera mphamvu kwambiri. Mawaya ndi bolodi muziphimbe ndi tepi kuti pasagwere kadontho.

Siyani maola 24 athunthu, ndipo kukazizira onjezani tsiku lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha: epoxy amaoneka wouma pakatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi, koma mkati amakhala asanakhwime, ndipo amene amayesa kutsegula usiku womwewo amazula zonse.

Chivundikiro chikakhala cha aluminiyamu, tinati timakhala pa kachidutswa komatidwa kuchitsulocho ndipo chimamatuka chonse. Palani guluu wakale mpaka chitsulo chioneke, kwechani mbali zonse ziwiri, ndipo mumate ndi epoxy yemweyo. Pamene pulasitiki yayoyoka kotheratu moti palibe pogwira, njira yotsala ndi kubowola chivundikiro pa mabowo a phazi la hinji, galasi ndi mawaya mutazichotsa, n'kudutsitsa timabawuti ta M2 kapena M2.5, kunja mutaika washa wotakata kapena kachitsulo kopyapyala kuti mphamvu imwazikane. Mitu ya mabawuti imaonekera kunja, koma kulimba kwake kumaposa mmene inachokera ku fakitale. Mankhwala a buluu omatira mazinga a masikuluwu kuti asamasuke, monga Loctite, asakhudze pulasitiki, amaiyambitsa ming'alu.

Pobwezeretsa, mangani masikuluwu mpaka agwire, osapitirira. Chingwe cha eDP chilowe chowongoka mpaka kumapeto ndipo tepi yake ibwerere. Mawaya a Wi-Fi adutse m'tinjira tawo monga pa chithunzi chija, ndipo timitu tawo tilowe ndi kudinikiza molunjika kuchokera pamwamba. Musanatseke felemu ndi pansi, lumikizani batire, yatsani, ndipo musunthe sikirini pang'onopang'ono kuchoka potseka kufika potsegula penipeni mukuyang'ana zinthu ziwiri: ngati chithunzi chikuthwanima kapena kutulutsa mizere, kutanthauza kuti chingwe chapanidwa, ndi ngati phazi la hinji likusuntha ngakhale pang'ono. Hinji yofewa bwino imalola kutsegula ndi chala chimodzi pakati, thupi la laputopu likungofuna kunyamuka pang'ono, ndipo sikirini imaima pamene mwaisiya. Ngati thupi lonse likunyamuka kutsatira sikirini, masulaninso nati pang'ono. Pakatha milungu iwiri tsegulaninso pansi muone ngati masikuluwu a hinji akadali ogwira.